Mabodi a Nachete

Nachete analowa ntchito pakampani ija ngati wosesa. Anali mayi wamtali, wowonda, wa zaka zoyandikira makumi anayi, ndipo mwamuna wake anali atapita kukagwira ntchito kutali n'kuiwala njira yobwerera. Dzinali anamupatsa ndi akalipentala a pakampanipo, chifukwa tsiku linkatha mawu ake osakwana khumi. Iye sanalikane, ndipo chaka chisanathe ngakhale bwana anali ataiwala dzina lake lenileni.

Kampaniyo inali ya zipinda zitatu kuseri kwa sitolo ya matayala. Ankapanga makina ofungatira mazira a nkhuku. M'chipinda chachikulu akalipentala ankakhoma mabokosi, n'kuikamo mashelefu, hita ndi fani. Chapakati chinali ofesi ya bwana. M'chipinda chakumapeto, chomwe windo lake linayang'anizana ndi khoma la eni matayala, munali tebulo lalitali, kompyuta yakale yolira ngati ya chifuwa, ndi makatoni a timabodi tobiriwira tokula ngati chikhatho cha mwana. Kabodi ndiko kanali mutu wa makinawo. Kankauza hita nthawi yoyaka ndi yozima, n'kuuza mashelefu nthawi yopendeketsa mazira. Koma kakangochoka m'katoni kankakhala kopanda kanthu m'mutu. Munthu ankayenera kukalumikiza ku kompyuta n'kuikamo pulogalamu. Ntchito imeneyo ankati kufulasha.

Wofulasha anali a Injiniya, bambo wachikulire amene analemba okha pulogalamuyo. Matenda a shuga anali atawadya maso, manjanso atayamba kunjenjemera. M'mawa wina Nachete akusesa pansi pa tebulo, a Injiniya anati:

"Mayi, tsamiritsani kaye tsachelo. Ndibwerekeni chala chimodzi."

Anamusonyeza timabatani tiwiri tating'ono ngati njere za mpiru.

"Dinani aka osasiya. Ndikati tsopano, mudine kachiwirika kamodzi, ndiye musiye zonse."

Nachete anadina. Pakompyuta panatuluka mzere woyenda pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo utafika kumapeto kagetsi kobiriwira kanaphethira katatu. A Injiniya anayang'ana chala chake chosagwedezekacho, n'kuti abwerenso mawa akatha kusesa.

Anaphunzira motero, chala kenako dzanja lonse. A Injiniya anali ndi malamulo awo ndipo sankalola kudumpha ngakhale limodzi. Usanafulashe, werenga dzina la fayilo. Werenganso nambala yaitali imene kompyuta imatulutsa pa fayiloyo, uifananize ndi imene yalembedwa papepala lomata pakhoma, chifukwa dzina munthu amatha kusintha koma nambalayo sinama. Fufuta zonse za m'kabodi, lowetsa pulogalamu, uuze kompyuta itsimikize kuti zalowa zonse. Ukatha, lumikiza babu pamalo pa hita, ugwire kachoyezera kutentha m'chikhatho mpaka katenthe, uone ngati babu lizima. Ndiye zula magetsi, udikire, ubwezeretse, uyesenso.

"Makina awa sakukakhala m'chipinda chino," a Injiniya ankatero. "Akukakhala kumene magetsi amapita osatsanzika. Kabodi koiwala ntchito yake magetsi akabwera ndi kambanda."

Chomaliza chinali kulemba m'kope: tsiku, nambala ya kabodi, dzina la fayilo, ndi chimene babu lachita.

Anagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi zinayi. Nambala yaitali ija ankaitchula pamtima ngati nambala ya foni yake. Akalipentala anasiya kufunsa a Injiniya makina akavuta, ankangoti tiitanireni Nachete. Koma m'mawa uliwonse ankayambabe ndi tsache, ndipo papepala la muofesi panalembedwabe kuti wosesa. Anafunsapo kamodzi. Bwana, munthu wa mawu ofatsa amene sankakalipa konse, anamwetulira n'kuti:

"Pepala ndi pepala, mayi. Ife tonse timadziwa zimene mumachita."

Nachete anali ndi mng'ono wake mmodzi, wolongolola, wosiyana naye ngati sanayamwe bere limodzi. Mng'onoyo anali wapampando wa gulu la amayi khumi ndi awiri oweta nkhuku. Gulu litaganiza zopeza makina, amayi ena ankafuna a kampani ina, koma iye anawakanira.

"Achemwali anga ndi amene amaika nzeru m'makina amenewa. Akavuta mudzandidule khutu."

Anaitanitsa makina atatu. Nachete atamva anasangalala mumtima, ngakhale sanaonetse.

Mwezi womwewo kunabwera mlamu wake wa bwana, mchimwene wa akazi awo, atangomaliza sukulu ya ukachenjede. Tsiku loyamba anapempha akalipentala amukhomere msomali woti apachikepo satifiketi, ndipo dzuwa lisanalowe anali atamupatsa dzina loti Adigiri. Lolemba lotsatira a Injiniya anapeza munthu atakhala pampando wawo, magalasi awo okulitsira zinthu ndi kapu yawo zili m'katoni pakhomo. Bwana anawathokoza ndi manja awiri, n'kuwauza kuti maso awo akufunika kupuma. Nachete ndiye anawanyamulira katoniyo mpaka pamsewu. A Injiniya anapita kukakhala kwa mwana wawo, ndipo foni yawo inasiya kupezeka.

Adigiri anang'amba pepala la pakhoma lija, anasamutsira mafayilo akale mukompyuta yake, n'kunena kuti pulogalamu ya mkuluyo inali ya makedzana. Yake inali yokongola ndithu. Makina akayaka ankaimba kanyimbo, ndipo dzina la kampani linkayenda pagalasi la manambala. Mafayilo ake anawatcha yomaliza, yomaliza2, ndi yomalizayeniyeni. Lachiwiri masana anapatsa Nachete yachitatuyi, n'kuti mabodi mazana awiri ndi makumi anayi akhale atatha pofika Lachisanu, chifukwa galimoto idzabwera kudzatenga makina.

Nachete anafulasha koyamba. Kagetsi kanaphethira, kanyimbo kanalira, babu linayaka n'kuzima bwinobwino. Anazula magetsi, anadikira, anabwezeretsa. Babu linayaka. Anagwira kachoyezera m'chikhatho mpaka dzanja linachita thukuta, koma babu silinazime, ndipo pagalasi manambala anangoima pa 37.5 ngati ojambula. Anayesa kabodi kachiwiri, kachitatu. Chimodzimodzi.

Anapita pamene panakhala Adigiri.

"Achimwene, magetsi akapita n'kubwera, hita sikuzima."

Adigiri sanatembenuke.

"Wakuuza kuti uzizula magetsi ndani?"

"Timayesa choncho."

"Munkayesa choncho. Iwe sukulu unalekeza kalasi yanji?"

Panalibe munthu pakampanipo amene anamutchulapo kuti iwe. Nachete anakagogoda kuofesi. Bwana anamvetsera mpaka kumapeto, zala atazipinganiza patebulo.

"Mayi, ndikudziwa kuti mumawasowa akulu aja. Tonse timawasowa. Koma mlamu wanga zinthu izi wazikhalira zaka zinayi. Tisamugwetse mphwayi sabata yake yoyamba. Lachisanu galimoto ikubwera."

Anabwerera patebulo pake n'kufulasha. Masiku atatu, kabodi pambuyo pa kabodi, chala pa batani, mzere ukuyenda, kanyimbo kakulira. Kalikonse anakayesa monga anaphunzitsidwira, ndipo pa mzere uliwonse m'kope analemba mawu awiri omwewo: babu silikuzima. Ankaganiza kuti kopelo lidzamulankhulira.

Makina atatu a amayi oweta nkhuku aja anali m'gulu la omwewo. Loweruka anapita kwa mng'ono wake ndi mawu atawakonza njira yonse. Anapeza amayi atasonkhana, akusisita mabokosi atsopanowo, wina akuyatsa n'kuzimitsa kuti amvenso kanyimbo. Mng'ono wake anamugwira dzanja n'kumuonetsa kwa onse ngati mlendo wolemekezeka. Nachete anawapatsa moni mmodzimmodzi. Akanati chiyani, kuti ndakugulitsani zinthu zoipa ndikudziwa? Ndipo nkhani ikafika kwa bwana, Lolemba akanapeza katoni yake pakhomo. Potsanzika anangoti:

"Magetsi akathima muziwayang'anira."

"Inu achemwali ndi mantha anu," mng'ono wake anaseka. "Pitani bwino."

Magetsi anathima tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri mazira ali m'makina, Lamulungu m'mawa anthu ambiri atachoka panyumba, ndipo anabwera patangopita mphindi zochepa. Pobwera anthu masana, pagalasi panali 37.5, koma chitseko cha makina chinali chosagwirika.

Lachiwiri alimi anadzaza pakhomo pa kampani. Ena anabwera ndi mathireyi pamutu, ena ndi zidebe. Anakhuthula zonse pakhomopo. Mazirawo anali ndi anapiye athunthu m'kati, nthenga zitamera kale, ongotsala masiku anayi kuti atuluke. Fungo linafika mpaka kwa eni matayala, amene anatseka chitseko chawo. Adigiri anadzitsekera m'chipinda chakumapeto. Bwana anatuluka atavala jekete, pepala lili m'manja, n'kutuma kalipentala kuti akaitane Nachete.

Anamuimika pambali pake, pamaso pa anthu onse.

"Makolo anga, abale anga, vuto talipeza ndipo sitikubisirani. Mayi awa ntchito yawo ndi yosesa. Onani apa, palembedwa." Anakweza pepala lija, ndipo bambo wina wakutsogolo analiwerenga mokweza. "Chifukwa cha chifundo tinkawalola kuthandiza apa ndi apo. Anagwira kompyuta injiniya wathu kulibe, n'kuika fayilo yolakwika. Kulakwa kwanga ndi kumodzi, kukhulupirira munthu. Kuyambira lero sali nafenso."

Nachete anati, "Kope langa lili m'kati."

Mawu ake anamira m'phokoso. Analowa yekha, anatsegula kabati ya patebulo. Munali pulayala ndi timawaya basi.

"Ukufuna chiyani?" anafunsa Adigiri.

"Kope."

"Kope lanji? Pano timasunga zinthu mukompyuta."

Atatulukanso anapeza mng'ono wake ataima kutsogolo, amayi a gulu lake ali kumbuyo kwake. Sanakuwe ngati ena. Anawerama, anatola dzira limodzi losweka mbali, anatenga dzanja la Nachete, analitambasula, n'kuikapo dziralo. Kamutu ka mwanapiye kanalendewera pakati pa zala.

"Gwirani, achemwali. Wanu ameneyu."

Anthu atabalalika ndi lonjezo loti makina onse abwezedwe kudzakonzedwa, bwana anamupeza akutenga chikwama chake.

"Musanapite, mayi, mutichotsere izi pakhomopa. Ntchentche zayamba."

Anachotsa. Anatunga zidebe zisanu ndi chimodzi za madzi, akalipentala akuyang'ana pansi, aliyense atatanganidwa ndi thabwa lake. Atamaliza anatsuka tsache, analiimika pamalo pake, n'kumapita.

Anakhala panyumba masabata atatu. Ankadzuka nthawi yomwe ija, kusamba, kuvala, n'kukhala pampando. Zala zake zinkadina m'mphepete mwa tebulo zokha. Kenako foni inalira, ndipo anali bwana, mawu ali ofatsa ngati kale. Anafunsa za moyo, za kunyumba, asanafike pa nkhani. Makina anabwera onse, koma mabodi akukana kufulashika. Adigiri, pofuna malo olumikizapo kanyimbo kake, anagwiritsa ntchito mwendo wa kabodi umene unkamvera batani loyamba lija. Tsopano ukadina batani, kompyuta sinkaona kanthu. Mabodi mazana awiri ndi makumi anayi anali atadzitsekera m'kati ndi pulogalamu yowotcha mazira.

"Ndakumbuka kuti nthawi ina zoterezi zinachitika, inu ndi akulu aja munazikonza. Mungabwere mawa? Koma mudzere m'sitolo ya matayala. Alimi amabwerabwera kutsogoloku, ndiye mukudziwa tinawauza chiyani."

Akanatha kukana, ndipo usiku uliwonse wa moyo wake wotsatira akanadziuza kuti anakana. Koma atatu mwa makinawo anali a mng'ono wake, ndipo manja ake ankafuna ntchito yawo. Anadzera pakati pa milu ya matayala ngati wakuba. Anamuika m'kachipinda kosungira matabwa, kompyuta ataisenzera komweko.

Pansi pa kabodi panali timadontho tiwiri ta mkuwa, toyandikana, topanda dzina. Ukatigundanitsa ndi nsonga ya kapanira, n'kulowetsa magetsi, n'kuchotsa kapanirako pa kamphindi koyenera, kabodi kankatsegula khomo. Ukafulumira kapena kuchedwa pang'ono, palibe chochitika. Nachete anachita kamodzi, kompyuta inalira kuti yaona kabodi. Adigiri anapumira m'mwamba, n'kumupatsa fayilo yatsopano yokhala ndi dzina la iye mwini kumapeto.

Nachete anayang'ana nambala yaitali imene kompyuta inatulutsa. Pepala la pakhoma silinafunike.

"Nambala iyi ndi ya a Injiniya."

"Ndiye kuti uidziwa bwino. Fulasha."

Tsiku lonse Adigiri anaima kumbuyo kwake, foni atailozetsa pa manja ake. Anati akujambula zosunga za kampani. Nkhope yake sanaijambule, anangojambula zala ndi kapanira, n'kumamuuza kuti achite pang'onopang'ono, asaphimbe ndi chala chachikulu. Tsiku lachiwiri m'mawa anakhala pambali pake ndi kapanira kake. Analephera kakhumi, kenako kanatheka, kenako kanathekanso. Masana asanakwane bwana analowa.

"Mayi, mwatithandiza kwambiri. Otsalawa mlamu amaliza."

Nachete anali atafika pa kabodi ka makumi asanu ndi anayi. Anaika kapanira pansi.

"Bwana, ndipemphe chimodzi. Mng'ono wanga yekha mumuuze zoona. Enawo asiyeni."

Bwana anapukusa mutu mwachisoni chenicheni.

"Pakamwa pa munthu mmodzi ndi pa anthu onse, mayi. Kampani ikagwa, akalipentala awa ana awo adya matabwa? Inu ndinu munthu wamkulu. Madzi akatayika saoleka."

Anamuperekeza okha mpaka pa matayala, n'kusuzumira kaye kunja ngati kuli mlimi.

Mng'ono wake anakumana naye patapita miyezi iwiri, pamalo okwerera basi. Amayi aja anali atamuchotsa pampando, ndipo awiri mwa iwo sankamupatsanso moni. Nachete anafotokoza zonse, za babu, za kope, za nambala ya a Injiniya. Sanalankhulepo mawu ambiri chotero m'moyo wake. Mng'ono wake anamvetsera akuyang'ana kumsewu.

"Zoti munaika fayilo yolakwika sindinakhulupirire n'komwe," anatero. "Ndimakudziwani. Funso langa ndi limodzi. Tsiku lija munabwera kwathu, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munangotiyang'ana tikuvina."

"Ndinawauza abwana."

"Abwanawo ndi amene munabadwa nawo?"

Basi inabwera, mng'ono wake anakwera. Kuyambira pamenepo amaonana pa zovuta za pabanja zokha, ndipo amapatsana moni wa anthu odziwana patali.

Chaka chotsatira Nachete anapeza ntchito yophika tiyi ndi kutsuka makapu pa ofesi ina ya m'mwamba, ya anthu opanga zipangizo zoyezera madzi m'matanki. Sanauze aliyense kumene anachokera. Pa anthu onse a pamenepo, amene ankamukonda anali mayi wina wa magalasi, injiniya, wongolembedwa kumene moyeserera kwa miyezi itatu. Yekhayo ndiye ankabweza kapu kukhitchini ataitsuka kale, ndipo ankamutchula kuti amama.

Sabata yomaliza ya miyezi itatuyo, mayi wa magalasi anapatsidwa bodi yatsopano yoti aikemo pulogalamu, alendo adzaione ikugwira ntchito Lachinayi. Lolemba m'mawa Nachete akuika tiyi patebulo lake anaona bodiyo itayaka kagetsi kofiira, koma kompyuta ikuti palibe chimene chalumikizidwa. Anayang'ana chingwe. Chinali chopyapyala, choyera, cha mtundu umene umabwera ndi tochi zotchaja, chongodutsa magetsi koma chosanyamula uthenga. Anazindikira asanachotse n'komwe dzanja pa sosala.

"Shuga awiri, madamu?"

"Awiri, amama. Mutu wandiima."

Mayiyo anachotsa mapulogalamu a mukompyuta n'kuikanso. Anabwereka kompyuta ya mnzake, n'kulumikiza ndi chingwe chomwecho. Anasintha bodi, anawerenga mabuku, nkhomaliro osadya. Nachete ankabweretsa tiyi m'mawa ndi masana, n'kuima kamphindi akuyang'ana chingwe chija. Mawu anali anayi okha: madamu, sinthani chingwe icho. Ankawamva akukwera pakhosi, ndipo ankawabweza, ndipo kubwezako kunkamukoma. Anadzifufuza ngati akumumvera chisoni mayiyo, n'kupeza kuti chisonicho chilipo ndithu, koma chili patali, ngati cha munthu wa m'nyuzipepala.

Lachinayi alendo anabwera, anaima mozungulira tebulo, anamwa tiyi, n'kupita osaona kanthu. Mkulu wa ofesiyo anadikira kuti atsike masitepe, kenako analankhula pamaso pa onse kuti iye anadziwa kuyambira pachiyambi kuti ntchito zina si za aliyense. Mayi wa magalasi analowa kukhitchini, anatseka chitseko, anavula magalasi n'kulira atatsamira sinki. Nachete anamupatsa kansalu koyera.

"Amama, inu ndiye muli pabwino," anatero akupukuta maso. "Ntchito yanu ilibe zimenezi."

"Ilibe, madamu."

Lachisanu mayiyo analongedza zake. Anatsanzika anthu ochepa, koma kukhitchini anafika, n'kumukumbatira Nachete, n'kumusiyira mpango wake wa paphewa kuti azimukumbukira. Amene analowa m'malo mwake anali bambo wina wa ndevu. Tsiku lake loyamba anatulutsa chingwe chake m'chikwama chifukwa cha patebulocho chinali chachifupi, analumikiza, ndipo bodi inaoneka nthawi yomweyo. Mkulu wa ofesi anaitana anthu onse kuti adzaone mmene munthu wodziwa ntchito amachitira, n'kuuza Nachete kuti tsiku limenelo tiyi abwere ndi mabisiketi.